Nkhukundembo ya Nabanda

Inu mukuseka kumbuyoko, munayamba mwawetako nkhukundembo? Ngati ayi, khalani chete, wokayika akafunse nkhalamba za ku Nsaru. Mphamvu ya nyama ya mbalame imachokera m'zimene mbalameyo inadya, ndipo ine ndinaziona ndi maso angawa masiku a Chitaganya.

Chaka chimenecho mkazi wanga Nabanda anabereka mwana wachitatu, koma mphamvu sizinabwerere. Maso mbee, miyendo kutupa, mtsuko osautha kusenza. Kuchipatala cha mishoni anati magazi achepa, azidya nyama. Ndinatenga khasu langa latsopano n'kukasinthanitsa ndi kamwana ka nkhukundembo kwa khukhi wa mzungu wina wa fodya ku Namitete.

Ena amangoziponyera gaga, nyama yake n'kukhala ngati chiguduli, ukadya njala ili pomwepo. Mlamu wanga yake ankaipatsa masese, moti amene anadya nyamayo anadzandira masiku atatu. Ine ayi. M'mawa mtedza wosinja, masana bonongwe ndi chisoso, madzulo chiswe, ndipo pofuna chiswecho ndinagumula zulu zonse kuyambira kwathu mpaka Kabudula, n'chifukwa chake dera lija lili see mpaka lero. Mukumva? Mbalame inakula, m'khola la nkhuku osakwanamo, ndinaisamutsira m'khola la ng'ombe, ng'ombezo n'kumagona panja, ikalira agalu a ku Mpingu ankabisala m'nkhokwe, ikatambasula mchira mpingo wonse unkapempherera pamthunzi pake, ndipo tsiku lina italasidwa ndi munga, galu wanga wokalamba wopanda mano ananyambita kadontho kamodzi ka magazi ake, n'kuthamanga, n'kubwerako ndi gwape pakamwa. Kadontho kamodzi, eti!

Anthu ankabwera wapansi kuchokera kutali kudzaiona, n'kumafunsa kuti mwini wake ndani. Ine n'kumaima pambali pake, manja m'chiuno.

Nabanda ali pamphasa pakhonde anandiitana.

"APhiri, iphani tsopano. Ndikumva thupi kupepuka."

"Dikirani pang'ono, Nabanda, mtedza uyambe walowa m'mafupa. Pa Khirisimasi mudzadya n'kudzuka kukalima."

Anangotembenukira kukhoma n'kuyamwitsa mwana.

Anatisiya mu Novembala, mvula isanagwe, Lachitatu dzuwa lili pamutu, ine ndili kudambo kugwirira mbalameyo ziwala. Ndinamva kulira ndili panjira, chitini cha ziwala chili m'manja.

Tinaipha pamaliro. Amuna asanu ndi atatu kuigwira, ine kudula ndi nkhwangwa. Adzukulu okumba manda atadyako anakumba dothi louma lija ngati phulusa, kuboola thanthwe, kufika pamadzi, mpaka tinachita kuwakoka ndi zingwe n'kukwiriranso theka la dzenje, amayi amene anamwa msuzi analira mokweza mpaka ku Nambuma anatumiza munthu kudzafunsa wamwalira ndani, ndipo nkhalamba ina imene inabwera yoberekedwa kumsana inanyamula nawo bokosi. Mudzi wonse unapeza mphamvu tsiku limenelo. Mukumva? Mudzi wonse.

Koma za kukoma kwake musandifunse. Nthuli yanga ndinakhala nayo m'manja mpaka inazizira. Ndipo poti mwasiya kuseka, ndikuuzeni: mbalameyo inakwana mumphika umodzi, ndipo inali itanona kale mu Ogasiti, Nabanda akadali wotha kutafuna.