Tsiku Limene A Cedric Anakana Kuchotseredwa Mtengo

Inu, sunthirani kuno, basi ija yachedwa kale, ndikuuzeni za a Cedric Holroyd a pa nambala 31. Mukuwadziwa, aja ankayendetsa basi ya ku Halifax zaka makumi atatu. Kaligwiritsa weniweni! Kathumba ka tiyi kamodzi amakaviika katatu, kenako n'kukapanira pa chingwe kukhitchini kuti mawa kadzagwirenso ntchito. Kukazizira amaswera ku laibulale, osati chifukwa cha mabuku ayi, koma poti mbaula ya kumeneko amalipira ndi ena. Kusitolo amafika madzulo, nthawi yeniyeni imene amamata timapepala tachikasu totsitsa mtengo pa buledi wotsala.

Ndiye munthu ameneyu, ali ndi zaka 74, wosakwatirapo chibadwire, anagwa m'chikondi. Anakonda mayi Enid Clegg a pansi paja, pa nambala 4, amene amuna awo anamwalira kalekale. Chibwenzi chawo chinali chotsika mtengo. Poti okalambafe basi timakwera ulere, ankapita kunyanja ku Scarborough ndi tiyi wa mu fulasiki, n'kukhala pa benchi kumaonerera anthu ena akudya tchipisi.

Tsiku lina pa benchi pomwepo a Cedric anatsokomola.

"Enid, ndawerengera bwinobwino. Mbaula imodzi ikhoza kufunditsa anthu awiri."

"Mukundifunsira, kapena mukufuna kuchepetsa bilu ya gasi?"

"Zonse ziwiri."

"Chabwino. Koma tikakhala kwanga, mawondo anuwo atha ndi masitepe."

Tsono onse awiri khonsolo inkawathandiza lendi ndi msonkho wa nyumba, pakuti penshoni zawo n'zochepa ndipo aliyense kubanki anali ndi mapaundi 9,000 okha, osunga moyo wonse. Mayi Enid safuna milandu, choncho anakoka a Cedric kukanena ku ofesi. Kumeneko anapeza mayi Bhatti, aja a magalasi a pachingwe.

"Zabwino zonse!" anatero mayi Bhatti. "Koma pepani, mukakwatirana timakuwerengerani pamodzi. Ndalama zanu ndi zawo zikukwana 18,000. Zikangopyola 16,000, thandizo la lendi limaima, la msonkho limaimanso."

"Mukutanthauza kuti ndikakhala ndekha ndine mmphawi, ndikakwatira ndine mpondamatiki?"

"Pa kompyuta, inde bambo. Mukhoza kulipira lendi yonse nokha miyezi ingapo, zikatsika n'kudzalembetsanso."

Apa mayi Enid nkhope inagwa. Amuna awo atamwalira, mapepala omwewa anatenga miyezi isanu kuti alongosoke, makalata ofiira okumbutsa ngongole ya lendi akubwera sabata ndi sabata, mpaka anayamba kulongedza mbale m'makatoni.

"Zimene zija sindidzabwerezanso. Cedric, ndimakukondani, koma thandizo likaima, ukwati kulibe. Nyumba ija ndakhalamo zaka 22."

"Nanga tikazidya ndalamazo?" anafunsa a Cedric.

"Mukamwaza dala, kupatsa achibale kapena kubetchera akavalo, timawerenga ngati zikadalipo. Koma zinthu zomveka, zokhala ndi malisiti, palibe vuto. Ukwati wabwino umadya ndalama, bambo."

Walira mvula walira matope. Munthu amene chibadwire sanagulepo nyuzi ya lero anayenera kuwononga mapaundi oposa 2,000 m'masabata asanu ndi limodzi, tsiku la ukwati lisanafike.

Anayambira ku kalabu yathu ya anthu apantchito, kukafunsa mtengo wa holo.

"Holo? Inu, mdala? Zaka makumi anayi muli membala, tikulipiritseni? Ulere!" anatero woyang'anira kalabu.

"Ayi, ine ndikufuna kulipira."

"Tamvani anthuni, a Cedric akuti akufuna kulipira!" Kalabu yonse inafa nacho chiseko, wina mpaka mowa unatulukira m'mphuno.

Keke anakonza ndi amayi a ku tchalitchi, ulere. Galimoto, anzawo akale a kubasi anati abweretsa basi yosanjikiza, yomanga maliboni, ulere. Mphete, mayi Enid anati avala ya malemu amayi awo, nkhani inathera pomwepo. Kunatsala suti. A Cedric analowa m'sitolo yodula ya mu tauni atalumbira kuti atuluka atasiya mapaundi 400. Anayeza suti, inawakhala ngati anabadwa nayo. Koma atafika polipira, pakamwa panangoyankhula pokha:

"Kabatani aka kakugwedera. Simungachotseko?"

Anawachotsera theka. Anatuluka akudzitukwana okha, mvula ikuwanyowetsa, poti ambulera sanagulebe.

Kutatsala sabata imodzi, anali atawononga mapaundi 300 basi. Mayi Enid anasiya kuyankhula za maluwa. A Cedric atawapeza tsiku lina akuyang'ana makatoni akale aja pamwamba pa kabati, mtima unawapweteka kwambiri. Anabwerera ku kalabu, n'kutulutsa khadi la kubanki limene linali lisanazolowere kuwala kwa dzuwa.

"Nyama ya ng'ombe yootcha, anthu zana limodzi. Mowa, aliyense amwe mpaka zonse pamodzi zikwane mapaundi 1,800. Ndipo mundilembere lisiti."

Nambala yachinsinsi analakwitsa kawiri. Koma zinatheka. Kubanki kunatsala 15,900, ndipo a Cedric anapita kwawo akuimba mluzu. Mbuzi ikakondwa, amalonda ali pafupi.

Loweruka ukwati unakoma, abale inu! Tinadya, tinamwa, ena anavina ndi ndodo zawo zoyendera. Koma mowa waulere umafewetsa mtima. Anthu anayamba kunong'onezana kuti taonani mdalayu, wathera ndalama zake zonse pa ife, akalowa m'banja chimanjamanja. Wina anatenga chidebe cha ayezi n'kuyamba kuchizungulitsa kuti anthu aponyemo ndalama. A Cedric atachiona anaimirira.

"Iai! Chonde, musatero!"

"Taonani kudzichepetsa kwake!" anafuula wina, ndipo anthu anapisanso m'matumba kachiwiri.

Anathamangira chidebecho ndi mawondo awo aja, chidebe chikuwathawa tebulo ndi tebulo, anthu akuwomba m'manja poganiza kuti ndi gule. Pamodzi ndi za m'makhadi a mafuno abwino, munapezeka mapaundi 1,200. Zonse pamodzi 17,100. Kubisa sikukanatheka, chifukwa mayi Enid anali ataitana mayi Bhatti, ndipo mayi Bhattiwo anaponyamo 20 yawo.

"Munaponyeranji inuyo?" anafunsa a Cedric.

"Chidebe chinandipeza, anthu akuyang'ana. Mverani, Lolemba ndili patchuthi. Lachiwiri ndidzafuna kuona mapepala anu a kubanki. Ndingokuuzani kuti zimene munthu walipiriratu za maliro ake sitiwerenga."

Choncho anthu ena akakwatirana amapita ku Spain, koma awa Lolemba m'mawa anagwirana manja kupita kwa a Sugden, okonza maliro aja a pafupi ndi positi.

"Pepani kwambiri," anatero a Sugden ndi mawu awo apansipansi. "Watisiya ndani?"

"Palibe. Takwatirana dzana. Tikufuna malo a anthu awiri kumanda."

Malo ndi mwala wake, wolembapo mayina okha, zinakwana mapaundi 1,200. A Cedric anawerengera mumtima: kutsala 15,900. Anapumira m'mwamba. Koma a Sugden anavula magalasi n'kupukuta m'maso.

"Zaka zonsezi ndagwira ntchitoyi, sindinalandirepo akwati atsopano. Ndikuchotserani 200."

Inu, munthu amene moyo wake wonse wapempha kuchotseredwa mtengo, kwa wogulitsa nsomba, kwa wometa, ngakhale kwa dokotala wa mano, anatsala pang'ono kugwada.

"A Sugden, ndapota nanu, ndilipiritseni zonse."

"Sizingatheke. Ndi mphatso yanga."

"Ikani mtengo wa chaka chamawa."

"Ndalemba kale lisiti, a Holroyd. Ine sindifufuta."

Kutsala 16,100. Mapaundi 100 okha, nyumba ya mayi Enid n'kumalendewera. Mayiwo anakumbatira chikwama chawo pamiyendo, akuyang'ana pansi. A Cedric maso anayendayenda m'chipindamo mpaka anagwera pa pepala la mitengo la pakhoma.

"Apa mwalemba kuti chiyani? Chilembo chilichonse choonjezera pamwala, mapaundi anayi?"

"Inde. Ambiri amaikapo mawu pang'ono."

"Tengani cholembera."

Anaima chilili, chipewa chili m'manja, makutu atafiira. Anayamba ndi kutsokomola, ngati pa benchi paja.

"Lembani kuti: Anamudikira zaka 74, ndipo sanadandaule ngakhale tsiku limodzi loti anadikira."

A Sugden anawerenga zilembo ndi nsonga ya cholembera, n'kutchula mtengo umene tsiku lina lililonse ukanawagwetsa a Cedric chagada. Analipira osaphethira, osafunsa ngati mipata ya pakati pa mawu ndi yaulere. Lachiwiri mayi Bhatti anayang'ana mapepala, anayang'ana malisiti, n'kudinda. Makatoni aja mayi Enid anakataya tsiku lomwelo.

Koma potuluka kwa a Sugden paja, mayi Enid anali akupukuta misozi ndi kansalu.

"Cedric, zaka ziwiri zonse pa benchi paja, mawu amenewa mukanandiuza pakamwa akanakhala aulere."

"Ndiye vuto lake limenelo, Enid. Aulere sakanatithandiza."

Mwalawo unaikidwa kale, uli kumtunda kuja pafupi ndi mpanda, madeti okha ndi amene akudikira. Lamulungu lililonse mukawapeza awiriwo pamenepo ndi fulasiki yawo, a Cedric akuwerenga mokweza kuyambira chilembo choyamba mpaka chomaliza. Ndinawafunsa tsiku lina kuti mdala, simuopa kodi, kumacheza pamanda anu omwe?

Akuti, "Ndinalipira mapaundi anayi chilembo chimodzi. Ndidikire kudzagona pansi pake, aziwerenga ena ulere?"