Thumba la Feteleza la M'mapesi

Lolemba
Msonkhano kusukulu. Abwera a bungwe losamalira chilengedwe, galimoto yoyera, nsapato zosadziwa fumbi la ku Kabudula. Akuti aliyense wophimba munda wake ndi mapesi, osatentha, alandira ndalama yokwana thumba la feteleza. Adzajambula minda Loweruka. Thumba lathunthu chifukwa chongosiya zinyalala! Chaka chatha ndinalima popanda feteleza, chimanga chinatha mu Okotobala. Ndalembetsa woyamba.
Ndafunsa za mbuzi, poti kuno tikakolola timazimasula. Bwana wa bungwe akuti: "Bambo, kumene tinayesa njirayi minda ili ndi waya." Waya yemwe ndikumudziwa ine ndi woyanikapo zovala.

Lachiwiri
Tsiku lonse kuyala mapesi ndi mayi a kunyumba. Msana ukuwawa, koma munda wafunda bwinobwino. Ndikuona kale chimanga chobiriwira.

Lachitatu
Alendo m'munda:
mbuzi za apongozi
mbuzi za akatekisiti
zanga ziwiri, ndipo ndi zomwe zikutsogolera!
Ndine mkamwini pamudzi pano, sindingagende mbuzi ya apongozi. Ndikuzipempha mwaulemu kuti zichoke. Zikundiyang'ana uku zikutafuna.

Lachinayi
Atsibweni a mkazi wanga afika ndi ngolo. Akufuna mapesi okatenthera nazale ya fodya. Ndikuwafotokozera za bungwe, za chinyontho, za nthaka. Akuti: "Kodi munda uno munabwera nawo pochokera kwanu, eti?" Ndawathandiza kupakira. Ngolo ziwiri! Ng'ombe zawo nazonso zikudya podikira.
Otsalawo ndawamwaza motalikirana kuti azioneka ambiri.

Lachisanu
Masana ndikuona utsi. Ndikuthamanga opanda nsapato. Alamu anga ayatsa munda wawo kuti akumbe mbewa, mphepo yachita zake, moto wadumpha malire. Mapesi anga onse psiti! Akuti: "Pepani alamu, mphepo siuzidwa." Andipatsa mbewa zisanu zopepesera.
Ndakwiya kwambiri. Koma ndadya, zinali zonona.

Loweruka
Bwana wa bungwe wafika. Akujambula phulusa, akujambula ine nditaima paphulusapo. Akuti: "Simunakwaniritse." Ndikuti alembeko za mbuzi, za nazale, za mbewa. Akuti papepala palibe malo ake. Mudzi wonse palibe wakhoza, ngakhale akatekisiti.
Pobwerera bwana uja akuona nkhalango yowirira kuseri kwa dambo. Maso tong'o! Mitengo ikuluikulu, yosadulidwapo, yosapsa, mbuzi sizifikako. Akuti: "Awa ndiwo anthu omwe tikufuna! Mwini wake ndani? Nambala yake ya foni?" Kenako apongozi akuti: "Ndi kumanda kumeneko, bambo. Eni ake agona momwemo." Bwana uja walemba ndithu kena kake m'buku mwake.

Lamulungu
Ku Misa sindikumva chilichonse, ndikungoganiza thumba lija. Mayi a kunyumba akuti phulusa nalonso ndi chonde, ndisadandaule. Madzulo mphepo yalinyamula kupita nalo m'munda mwa alamu.
Sindikukana, mapesi amasungadi chinyontho. A bungwe akanangotifunsa kaye mmene timakhalira kuno. Mtima ukuwawa: chaka chinanso popanda feteleza. Pamudzi pano okwanitsa malamulo a bungwe ndi akufa okha. Ine ndikadali moyo, ndiye mawa ndikukapempha ganyu kunazale ya atsibweni.