Chithunzi Chimodzi cha a Musagwedezeke

Aliyense amene anakhalapo mu msewu wa mashopu uja angakuuzeni chinthu chimodzi chokhudza mkulu wojambula zithunzi: munthuyo sankatha kukhala pansi. Tiyi ankamwa choimirira, nyuzipepala ankawerenga akuyenda, ndipo mukawapatsa moni, yankho munkalimva atafika kale pakhomo la shopu ina. Chodabwitsa n'chakuti ntchito yawo inali youza anthu ena kuti akhale duu. Akangoloza kamera, mawu awo anali amodzi: "Musagwedezeke." Dzinalo linawakanirira. Ana, akulu, ngakhale akazi awo akapsa mtima, onse ankawatchula a Musagwedezeke.

Amene anazunzika nawo kwambiri ndi wometa wa pafupi ndi shopu yawo. Ankawakhazika pampando, kuwamanga nsalu m'khosi, kungometa mbali imodzi, mkuluyo wadzuka.

"Mukupita kuti, achimwene? Sindinamalize."

"Ndamva galimoto yaima panja. Ndikubwera."

"Mutu wanu uli ngati munda wolima theka."

"Theka linalo mulime masana."

Ankatuluka nsalu ili lende m'khosi, n'kuzungulira msewu wonse ali choncho, wometa atagwira sizasi pakhomo ngati munthu amene mbuzi yamupulumuka.

Vuto lina linali mtundu wa zithunzi zimene ankakonda. Za ziphaso ndi za maukwati ankatsuka papepala ngati anzawo onse. Koma za mu msewu, zimene ankajambula popanda wowatuma, zinali masilaidi: tizithunzi ta filimu tating'ono ngati sitampa, totsekeredwa m'kafelemu ka katoni, toti umationa bwino pokhapokha utatiwalitsa pakhoma ndi pulojekita.

"Chithunzi changa chija chili kuti?" telala ankafunsa.

"Mubwere Loweruka mudzachione pakhoma."

"Ine ndimafuna cha m'manja."

"Cha m'manja mudzachitaya. Khoma silitayika."

Loweruka masana ankatseka makatani a shopu, anthu n'kudzazana mkati, thukuta kamukamu. Koma chala cha a Musagwedezeke chinali ngati mwini wake. Chithunzi chikangooneka, munthu asanazindikire n'komwe mphuno yake, chadutsa.

"Bwezerani pang'ono, ameneyo ndi mwana wanga."

"Tibwezera pomaliza."

Pomaliza pake pulojekita inkakhala itatentha, eni ake ali kale panja kukaona chimene galu akuuwa. Tsiku lina anaika silaidi ya wogulitsa nyama mozondotsa. Bambo wonenepayo anaoneka pakhoma miyendo m'mwamba, mutu pansi, ndendende ngati nyama zimene ankapachika mu butchala yake. Anthu anaseka mpaka ena kukhala pansi. Wogulitsa nyamayo anakwiya mwezi wathunthu, koma a Musagwedezeke sanadziwe n'komwe, chifukwa sanaime nthawi yokwanira kuti aone nkhope yake.

Ukalamba unawathamangitsa nthawi yaitali usanawagwire. Ngakhale atagonekedwa m'chipatala, anamwino ankawapeza m'mawodi a eni, akukoka chitsulo cha diripi, akufunsa odwala anzawo ngati akupezako bwino. Anamwalira m'mawa wina nsapato ili kuphazi limodzi.

Anasiya mkazi ndi mwana mmodzi wamkazi, mayi wamkulu kale, wogwira ntchito mu shopu ya mankhwala. Mwanayu ankakana kwamtuwagalu kuti anatengera bambo ake, koma ankakana akugogoda tebulo ndi zala. Mwini nyumba atanena kuti chipinda cha shopu chikufunika mwezi ukatha, ndi iyeyo amene anapita kukalongedza. Kuseri kwa kauntala anapeza makatoni osanjikizana mpaka kudenga, onse odzaza masilaidi. Atatsegula lapansi, fungo la chinyezi linamuwomba. Chuku chinali chitayamba kudya, ndipo tizithunzi tina tinali titamatirirana.

"Zimenezi zikangokhala chaka china, zatha," anauza amayi ake.

Amayiwo sanafunse za makatoni. Anayang'ana khoma la pabalaza, pomwe panali zithunzi za abale onse kupatula cha amuna awo.

"Undipezere chimodzi chokha cha bambo ako. Choti nkhope izioneka. Ndayamba kuiwala makutu awo."

Mlamu wake, mwamuna wa msuweni wake, anamubwereka sikana ya filimu, kamakina kakang'ono ngati buledi, kolumikiza ku kompyuta. Anabwera nako ku shopu n'kumuonetsa kagwiritsidwe kake.

"Filimuyo musaigwire ndi zala, mlamu. Fumbi muziuzira ndi kampira aka. Mukatero muziika masilaidi m'kathireyi, n'kukankhira mkati. Kenako mudikire."

Mawu omalizawo ndi amene anali ovuta. Kamakinako kankalira ngati udzudzu, chithunzi n'kumatuluka pa kompyuta pang'onopang'ono, mzere ndi mzere, kuyambira pamwamba.

"Kodi kafa?"

"Kakugwira ntchito. Khalani pansi."

"Ndakhala."

Anali ataima pakhomo, phazi limodzi lili kale panja.

Masiku otsatira anali a piringupiringu. Akaweruka kuntchito ankathamangira ku shopu, kuuzira fumbi, kukankha kathireyi, kuzungulira chipinda, kusuzumira, kuzunguliranso. Choyamba chinatuluka chotembenuka, zilembo za pa shopu ya telala zikuwerengeka chobwerera, chifukwa anaika silaidi chagada. Zambiri zinali zitafiira ndi ukalamba, msewu wonse psuu ngati wapsa moto, mpaka mlamu anachita kumuphunzitsa kubweza mitundu. Zina zinalibe mitu, poti bambo ake ankadina batani thupi litayamba kale ulendo. Panali miyendo yambiri, madenga ambiri, ndi theka la njinga.

Mbiri itamveka, anthu anayamba kubwera. Wometa, amene tsopano anali ndi dazi, anadzipeza pa chithunzi ali ndi tsitsi lodzaza mutu, n'kuitana aliyense wodutsa kuti adzachitire umboni. Telala anaona buluku limene anasoka kalekale, n'kukana kuti si ntchito yake. Kenako kunabwera mkazi wa wogulitsa nyama uja, amene tsopano anali wamasiye, akuyenda ndi ndodo.

"Ndamva kuti aliponso amuna anga. Koma ngati ali chozondoka, ndisawaone."

Mwana wa a Musagwedezeke anaipeza silaidiyo, anaiuzira fumbi, n'kuiika bwinobwino. Kamakina kanalira. Panatuluka chipewa, kenako chipumi, kenako masaya onenepa aja, bamboyo ataima njo pakhomo la butchala, akuseka.

"Mwawaimika bwino," anatero mayiyo. "Musachichotse msanga."

Palibe amene anachichotsa. Mayiyo anakhala pampando akuyang'ana mpaka kukhuta, ndipo mwana wa wojambula uja anadabwa kuona kuti nayenso waima malo amodzi nthawi yonseyo.

Koma bambo ake sankapezeka. Mwezi unkapita kumapeto, makatoni ankachepa, ndipo mkuluyo ankangooneka zidutswazidutswa. Apa chala chawo chaphimba ngodya. Apo mthunzi wawo wagwera pa ana asukulu. Pa zithunzi za gulu, pomwe ankatchera kamera kuti ijambule yokha n'kuthamangira pamzere, anthu onse ankaoneka bwino, koma kumapeto kunkakhala chinthu cha mbuu ngati utsi wovala jekete.

"Awa ndi bambo ako ndithu," amayi ake anatero ataonetsedwa. "Koma utsi sindingaupachike pakhoma."

Katoni lomaliza litatha, mwanayo anakhala pa kauntala, mtima ukumuwawa. Anali atapulumutsa msewu wonse, koma chimene amayi ake anapempha analibe. Anayamba kulongedza zotsala mwaukali: mawaya, makatani, pulojekita. Atanyamula chikwama cha kamera, anamva kanthu kolimba m'kathumba ka mkati. Inali silaidi imodzi, felemu lake lakuda ndi kugwiridwagwiridwa. Ataiyang'anitsa pawindo anangoona mpando ndi chinthu chonga mulu wa zovala.

Anaitana amayi ake asanaiike n'komwe. Anabwera ndi mlamu uja, ndipo wometa naye analowa osaitanidwa, chipeso chili m'manja.

Kamakina kanayamba kulira. Panatuluka khoma la nyumba yawo yakale, kenako msana wa mpando. Kenako tsitsi, lometedwa mbali zonse. Kenako nkhope ya a Musagwedezeke ali mnyamata, yooneka bwino mpaka nsidze, maso ali tseke, kukamwa kuli yasa. Pachifuwa pawo panagona khanda, kadzanja kake katagwira kolala ya shati.

Wometa anayandikira, n'kuvula magalasi, n'kuvalanso.

"Ameneyu wakhala pansi?"

Amayi aja anaseka, kenako anagwira pakamwa, n'kutembenukira mwana wawo.

"Ndinajambula ndine chimenechi. Iwe unali ndi chikuku. Tikakugoneka pabedi unkalira mpaka kuuma, koma pachifuwa pa bambo ako unkagona. Ndiye anakhala pampando umenewo kuyambira m'mawa mpaka dzuwa kupendeka, osatakataka, kuopa kukudzutsa. Podzuka miyendo inali itachita dzanzi, anagwa ngati thumba."

"Nanga bwanji sitinachionepo?"

"Anandiuza kuti ndinagwedeza kamera, chinawonongeka." Anapukuta m'maso ndi nsonga ya mpango. "Bodza lenileni. Ankachita manyazi ndi kukamwako."

Mwanayo ankangoyang'ana kadzanja kaja pa kolala.

"Tikhoza kukonza pa kompyuta," anatero mlamu. "Kukamwako tingakutsekeko pang'ono."

"Mukusiye choncho," anatero amayi. "Makutu ndi omwewo."

Anachitsukitsa papepala lalikulu, ndipo chili pabalaza mpaka lero. Mlendo aliyense amayamba waseka, kenako amafunsa za khandalo.

Shopu ija tsopano amagulitsamo zipangizo za mafoni. Msewu ukadali womwewo, koma anthu ake amati watalika. Kale munthu akadwala kumtunda, a kumunsi ankamva madzi osamba asanazizire, chifukwa panali wina woyenda nayo nkhaniyo khomo ndi khomo popanda womutuma. Masiku ano telala amamva kuti mnzake wa tsidya lina la msewu ali ndi mdzukulu mwanayo atayamba kale kukwawa. Mwana wa a Musagwedezeke akamadutsa m'mawa popita kuntchito, amapeza mashopu ambiri asanatsegule, eni ake akuyasamula pamakhonde, aliyense payekha. Amawapatsa moni mmodzimmodzi, ndipo amayesetsa kuima mpaka ayankhe.