Gitala Yanga ku Msonkhano wa ku Kasakula

Lolemba

Matipate yafika, ufulu ndaulandira ndi manja awiri! Zaka zonsezi gitala yanga yakhala ikuperekeza amayi ovina potamanda munthu mmodzi. Pano akuti aliyense aimbe zakukhosi kwake. Zakukhosi kwanga ndi nyimbo yopanda mawu. Imayamba pansipansi ngati mvula ikadali kuseri kwa phiri, n'kumakula, n'kumakula, mpaka malata kunjenjemera.

A Chimphepo, amene akuyendetsa kampeni ya bwana wina wofuna uphungu kuno, atiitana kukaimba pamsonkhano Loweruka ku Kasakula. Sanafunse kuti tikaimba zotani. Inenso sindinanene.

Zomwe tili nazo:
ine ndi gitala
Gelesomu ndi ng'oma zake
Yohane ndi babatoni
batire ya galimoto yoyatsira sipika, yobwereka kwa apongozi

Lachiwiri

Tikuyeserera m'chigafa cha fodya. Yohane ndamupatsa chingwe chimodzi choti azikhwatcha osasintha. Akuwodzera chiimire.

Mkazi wanga Nabanda wasuzumira. "Mukayamba mundiitane."

Tili pakati penipeni pa nyimbo!

Lachitatu

Gelesomu wathawa! Walowa chipani china, ng'oma zomwe. Amupatsa tisheti ndi chipewa. Dzina la chipanicho salidziwa, angoti "cha matisheti". Uthenga wake kudzera mwa mlongo wake ndi wakuti kumeneko nyimbo zili ndi poyambira ndi pothera.

Apite. Ng'oma zake zimandithamangitsa.

Lachinayi

Apongozi adzatenga batire yawo. Akufuna azimvera nkhani za chisankho pawailesi. "Dziko likutembenuka, inu mukuthera moto pa kulira kwa udzudzu."

Chingwe chachiwiri cha gitala chaduka. Ndamangapo waya wa buleki ya njinga. Chikulira mwachilendo, ndachikonda.

Batire ina ndaipeza kwa wachigayo. Wavomera, bola nditchule chigayo chake m'nyimbo. Ndati inde. Nditchula bwanji, ndiona konko.

Lachisanu

A Chimphepo abwera kudzamva. Akhala pachitsa, amvetsera, ayang'ana wotchi, amvetseranso.

"Dzina la bwana likulowera pati?"

Ndikuwafotokozera kuti dzinalo lili m'kati, wamakutu alimva.

"Mulitulutse panja. Mutchulenso mlatho ndi feteleza."

Madzulo Yohane wabwera atanyamula babatoni kumsana, kudzatsanzika. Akulu a mpingo amuchenjeza kuti nyimbo yopanda mawu sadziwa ikulankhula ndi ndani.

Ndatsala ndekha. Ine, gitala, waya wa buleki.

Loweruka

Kasakula! Anthu thithithi pabwalo, bwana sanafike. A Chimphepo akuti ndiyambe.

Ndikuyamba. Pansipansi. Mayi wina akukuwa: "Achimwene, mukamaliza kuchuna mutiuze, miyendo yatizizira!"

Nyimbo ikukwera. Kenako zii, bwalo lonse. Ana aleka kuthamanga. Mkulu wina wavula chipewa. Mtima wanga phaphapha, aimva, aimva! Nditseka maso, ndikukwera nayo, zala zikutentha, sipika ikunjenjemera. Ndafika pamwamba penipeni. Nthungululu! Likhweru! Chiphokoso cha dziko lonse!

Nditsegula maso, ndikuona misana yokhayokha. Lole ya bwana yafika, akuponya timapaketi ta mchere.

Wotsala ndi mkulu wachipewa uja. Wasendera pafupi, mwaulemu. "Pepani mwanawe, wamwalira ndani?"

Batire yafa ndisanayankhe.

Lamulungu

Batire ndabweza nditaisenza pamutu. Wachigayo anali kumsonkhano, anamva zonse, sanamve chigayo. Sanandipatse moni.

Zala matuza. Kutchalitchi Yohane wakhala benchi lakutali. Gelesomu wabwera atavala tisheti ya chipani chachitatu.

Titatuluka, andikoka malaya a Zuze, amene munda wawo uli m'mphepete mwa nkhalango. Anyani akuwathera chimanga. Zitini ayesa, agalu ayesa. Dzulo akuti anaona agalu a pa Kasakula akuthawa nditafika pamwamba paja. Batire ali nayo. Malipiro ndi dengu la chimanga tikakolola.

Nabanda wavomera ine ndisanatsegule pakamwa.

Ndiyamba mawa m'mamawa. A Zuze apempha chimodzi chokha: zoyambirira zija ndidumphe, ndingoyambira pomwe pali phokoso.