Ndinafika Mochedwa Pamaliro Anga

Anzanga amene mukuganiza zopita nokha kuchilumba kukabira pansi pa nyanja ndi botolo la mpweya kumsana, takhalani kaye pansi ndikulangizeni. Musaganize kuti ndine katswiri ayi. Ndikuyankhula monga munthu amene anaimbiridwa nyimbo zamaliro ali moyo, ataima m'chimanga cha eni ake, atavala suti ya labala.

Ine ndine mphunzitsi wopuma ntchito. Ndinali hedi pasukulu ina kuno ku Lirangwe, moti mpaka lero anthu amangonditchula kuti aHedi, ndiponso ndine mkulu wa mpingo. Zaka zonsezo ndinkaphunzitsa ana za nyanja zamchere, kujambula nsomba pabolodi ndi choko, pamene ine mwini madzi aakulu amene ndinkawadziwa ndi a Shire, nawonso owaonera pawindo la basi. Ndiye nditapuma, mwana wathu Tadala, amene ndi namwino kunja, anandifunsa pafoni kuti ndikufuna mphatso yanji. Ndinati, "Ndikufuna ndikazione nsombazo kwawo komwe." Mwanayo sanaseke. Anandigulira tikiti ya ku Zanzibar, ndi maphunziro a kubira omwe.

Ankafuna kugula awiri, koma akazi anga anakanitsitsa. "Ine ndikwere ndege kuti ndikafere m'madzi? Kumanda kwathu kuno malo atha?"

Ndinapanga nkhope yachisoni, koma mumtima ndinkavina. Mundimvetse, amake Tadala ndimawakonda, koma tinali titakhala zaka makumi atatu ndi zinayi ine osayendako ndekha kupitirira Limbe. Taganizani, sabata yathunthu popanda wondiwerengera masupuni a shuga! Popanda wondiuza kuti malaya amenewo sakugwirizana ndi buluku! Ulendo wa ndekhawu ndinkaufuna kuposa nsomba zimene.

Koma pasipoti yanga anaitsekera m'sutikesi yawo, kiyi n'kumangirira pansonga ya chitenje. Anati, "Ndidzakupatsani pabwalo la ndege pa Chileka pomwepo. Koma lonjezani kuti simulowa m'madzi muli nokha, kaya ndi kuno kaya ndi kumeneko. Mukangoyerekeza, ulendo wathera pomwepo." Ndinalonjeza dzanja lili pachifuwa.

Tadala ananditumizira galasi lovala kumaso lokhala ndi paipi yopumira, ndi nsapato zija zazitali ngati mapazi a bakha. Pafoni anatumizanso malangizo ambirimbiri. Loyamba linati usalowe m'madzi wekha. Lachiwiri linati uuze munthu kumene ukupita ndi nthawi yobwerera. Lachitatu linati uzolowere galasi ndi kupumira pakamwa usananyamuke. Ine monga mphunzitsi ndimadziwa kuti pamayeso umayambira funso losavuta, ndiye ndinayambira lachitatu.

Suti ndinaipeza pakaunjika tsiku la msika, yakuda bii, yothina thupi lonse, zipi yake ili kumsana. Wogulitsayo anandiuza kuti azungu amavala pogona kukazizira, ine sindinamutsutse. Inali yochepa pang'ono, kapena tinene kuti ineyo ndinali wochuluka pang'ono.

Linali Lachiwiri m'mwezi wa Epulo, chimanga chikuyamba kuuma, mumtsinje madzi akadalimo. Ndinauza amake Tadala kuti ndikukazonda kumunda, n'kukwera njinga yanga kulunjika padziwe la mumtsinjemo pamene tinkasambira tili ana. Kodi limeneli linali bodza? Njira yake imadutsa pafupi ndi munda, ndipo ndinauyang'anako.

Padziwepo panalibe munthu. Ndinavula, n'kupinda malaya ndi buluku bwinobwino pamwala, nsapato n'kuziika moyandikana, wotchi ndi magalasi anga a maso n'kulowetsa m'nsapatomo. Njinga ndinaitsamiritsa pamtengo. Kulowa musuti kunali nkhondo, koma ndinalowa. Nditakoka chingwe cha zipi kumsana, zipi inatseka mpaka m'khosi, chingwe n'kutsalira m'manja mwanga. Ndinachiyang'ana n'kunena kuti tiziona potuluka.

Tsono chimene sindinkadziwa n'chakuti suti imeneyi imayandamitsa munthu. Obira enieni amavala lamba wa zitsulo kuti atsike, zinali m'malangizo momwemo cha kumunsi, kumene ine sindinafike. Ndinayesa kumira, thako n'kutsalira pamwamba. Ndinayesanso, chimodzimodzi. Ndiye ndinangogona chafufumimba pamwamba pa madzi, manja tambasu, n'kumapumira paipi. Malangizo anati usamaphiriphithe, ukhale phee ngati wagona, ndipo apo pokha ndinamvera ndi mtima wonse. Pansi ndinaona matope, patapata mmodzi, kenako nkhanu. Nkhanu yeniyeni ili kwawo! Ndinakondwa ngati mwana, osadziwa kuti madzi akunditenga pang'onopang'ono kulowera kokhota, m'bango.

Makutu anali m'madzi, choncho sindinamve kanthu. Zimene zinachitika kumtunda ndinauzidwa pambuyo pake. A Nachisale, oyandikana nafe nyumba, anabwera ndi beseni lawo kudzachapa. Anaona chinthu chakuda chotupa chikuyandama chafufumimba osagwedezeka. Anacheuka n'kuona zovala zopinda bwino pamwala, ndi njinga imene aliyense ku Lirangwe amaidziwa. Beseni analitaya pomwepo, n'kuthamanga manja ali kumutu.

Ine nditakhuta nkhanu yanga ndinadzutsa mutu ndili kale m'bango. Kumva, phokoso kumtunda! Ndinasuzumira. Magalasi paja ali m'nsapato, ndiye ndinkangoona zithunzithunzi za anthu, chigulu, amuna akupisa nsungwi zazitali m'dziwe, amayi akulira. Mtima unandiwawa. Ndinati kalanga ine, munthu wamira, ndipo wamirira pomwe ndinali ine posachedwapa.

Mwina mukuti ndikanatuluka kukathandiza. Ndituluke bwanji? Mkulu wa mpingo, mimba itathinidwa ngati ng'oma, pamaso pa amayi amene ana awo ndinawakwapulapo chifukwa chosapisira malaya? Komanso mawu akanafika kwa mwini kiyi wa sutikesi ine ndisanafike. Ndinanyonyomala m'bangomo, madzi ali m'chifuwa, n'kuyamba kupempherera womirayo. Ndinapemphera bwino ndithu. Ndinati Ambuye tonthozani mkazi wake ngati alipo, ndi ana omwe.

Mphepo inkabweretsa mawu. Ndinazindikira liwu la a Makwinja, mkulu mnzanga kumpingo, akuti, "Anali munthu wabwino, koma makani! Eee, makani okhawo ayi."

Ndinagwedeza mutu. Anthu otero alipodi.

Wina anati, "Akuti mayi kunyumba anawaletsa zamadzizi."

Mumtima ndinati chitsiru cha munthu, osamvera mkazi bwanji?

Kenako a Makwinja anati, "Dziwe ili ndi lakuya, thupi lidzayandama lokha mawa. Tiyeni tizipita kusiwa. Njinga ya aHedi wina aikankhe, nsapatozo mukawapatse amake Tadala m'manja."

Anzanga, apo ndi pamene ndinazindikira. Womira uja ndinali ine! Chitsiru chija ndinali ine!

Munthu wanzeru akanaimirira pomwepo n'kukuwa kuti ndili pano. Koma ine ndine munthu wophunzira, ndinakonza pulani. Ndinati ndidikire achoke, ndidutse m'minda, ndilowere khomo la kuseri, ndisinthe zovala, ndiye nditulukire kumaso n'kufunsa kuti kwagwanji. Za njinga ndi nsapato ndikanati akuba. Mukuona mmene bodza limaberekera?

Anachedwa kuchoka, ena ankapisabe nsungwi. Pamene ndinkatuluka m'bango dzuwa linali paliwombo, zovala zonse atatenga. Ndinalimbana ndi zipi, kupinda mkono uku, kupinda uku, kudzikhukhuza pamtengo ngati mbuzi ya mphere, koma zipi osasuntha. Ndinayamba kuyenda wopanda nsapato, minga inandibweza, ndiye ndinavalanso mapazi a bakha aja. Galasi ndinalibwezera kumaso kuti wondiona asandizindikire. Ndi mmene ndinadutsira minda ya anthu, phwa, phwa, phwa, thukuta likusefukira musutimo, chisoso chitandimata mpaka m'chiuno.

Nditayandikira kwathu ndinaima m'chimanga cha a Nachisale n'kusuzumira. Pamsewu anali atayala kale masamba, wakabaza wina akudutsa atatsika njinga mwaulemu. Mabenchi a kutchalitchi anali atafika. Amuna anali pansi pa mango, m'nyumba amayi akuimba. Ndisaname, ankaimba bwino kwambiri, ndipo anthu anali ambiri kuposa mmene ndinkayembekezera. Ndinayamba kuyang'ana kuti ndani wabwera, ndani sanabwere, kenako ndinakumbuka kuti si nthawi yake.

Ndinazungulira kuseri monga mwa pulani. Koma ndinaiwala chinthu chimene mwana aliyense amadziwa, kuti pamaliro kuseri kwa nyumba ndi kumene amayi amasonkhera moto. Ndinatulukira m'chimanga n'kupezeka maso ndi maso ndi a Nachisale, atanyamula nkhuni.

Kukuwa kwake sindidzakuiwala. Nkhuni uko, iwo uko. Amayi onse anabalalika, ena kugwetsa ndowa, ena kusiya mapatapata. Ine ndinawatsatira n'cholinga chowakhazika mtima pansi, phwa, phwa, phwa, ndikukuwa kuti, "Ndine! Ndine!" koma galasi linali litatsina mphuno, liwu linkatuluka ngati la mbuzi. Tinatulukira kumaso kwa nyumba onse pamodzi. Mabenchi anagwa. A Makwinja, amene amati mawondo awo salola kugwada popemphera, analumpha mpanda wa maluwa osaukhudza.

Munthu mmodzi yekha sanathawe. Amake Tadala anatuluka m'nyumba, amayi atawamanga kale chitenje pamimba, maso atatupa, nsapato zanga atazikumbatira pachifuwa. Anabwera pang'onopang'ono, n'kukweza galasi lija, n'kundigwira tsaya.

"Ndinu?"

"Ndine, amake Tadala."

Anakhala pansi padothi n'kulira kuposa poyamba. Apa kuseka kulibe, anzanga. Ndinachita manyazi amene sindinachitepo chibadwire, ndipo mtima unandipweteka. Ine ndinali m'bango kuteteza ulendo wanga ndi mimba yanga, mkazi wanga ali pamphasa akundilira, atamuimbira kale mwana kunja kuti bambo ako kulibe. Ndinafuna kugwada, suti inakana.

Atatha kulira anaimirira, n'kupukuta maso, n'kuchotsa wotchi ndi magalasi m'nsapato muja mosamala, n'kupatsira mayi wina. Kenako nsapatozo zinagwira ntchito, ya kumanja paphewa ili, ya kumanzere paphewa ili. Apo ndi pamene ndinayamikira kuti labala ndi wokhuthala.

Ndinanong'ona kuti, "Pepani. Koma zipi yokhayi, chonde, ndikupsa."

"Ayi," anatero. "Anthuwa asiya ntchito zawo kudzapemphera. Apemphere kaye."

Anandikhazika pampando kutsogolo, suti ili m'thupi, mapazi a bakha ali poteropo. Anthu anabwerera mmodzimmodzi, ena kundigwira kaye kuti atsimikize. Maliro anasanduka mapemphero othokoza, ndipo a Makwinja analalikira za kumvera kwa ola lathunthu, akundiloza ndi chala. Titatuluka ndinawanong'oneza kuti za makani zija ndinamva. Anati, "Ndipo sindikubweza." Suti anachita kuidula ndi sizasi madzulo, nditayamba ndayankhula ndi Tadala, amene analira, n'kuseka, n'kundikalipira ngati ndine mwana wake.

Za pasipoti sindinafunse n'komwe. Ndinadziwa kuti ulendo ndaukwirira ndekha. Sabata yonse amake Tadala sanaitchule, ine n'kumangomwa tiyi wa supuni imodzi osadandaula. Kenako tsiku lina tili pakhonde anati, "Ndamuuza mwana asunthe tsiku, agule tikiti yachiwiri."

Ndinati, "Paja ndege mumaiopa?"

"Ndege ndimaiopa, madzi ndimawaopa. Koma kukusiyani nokha inuyo ndiye ndikuopa kwambiri. Nsapato zanu ndalandirapo kamodzi, zakwana."

Pasipoti yawo itatuluka tinanyamuka. Pa Chileka mapasipoti onse awiri anali m'chikwama chawo, ndipo ndege ikunyamuka anandifinya dzanja mpaka zala kuchita dzanzi. Kuchilumbako mphunzitsi wathu anali mtsikana wa msinkhu wa Tadala. Tili m'boti anayamba ndi lamulo loyamba, lakuti munthu salowa m'madzi yekha, ndipo auze anzake kumene ali. Ndinawamasulira amake Tadala, amene anakhala pakati pa boti atavala jekete yoyandamitsa pamwamba pa chitenje, ambulera ili m'manja.

Anati, "Muuzeni mwanayu kuti phunziro limenelo ife tinamaliza kale ku Lirangwe, ndi kwaya yomwe."

Nsomba ndinazionadi kwawo, zachikasu, zamizeremizere, zina zoti choko changa sichinalotepo, mphunzitsi ali pambali panga. Nditayang'ana kumwamba ndinaona mimba ya boti, ndi mthunzi wa ambulera utasuzumira m'madzi. Shuga ankandiwerengerabe, ku Zanzibar komweko.

Ndiye malangizo anga ndi omwe aja ndinawalumpha. Kuchilumba pitani, nokha ngati kwanu akulolani, koma m'madzi muzilowa ndi mnzanu, ndipo wina kumtunda adziwe kumene muli ndi nthawi yotuluka. Suti muyesere kunyumba pali munthu wogwira zipi. Ine ndinalapa. Masiku ano ngakhale polowa kubafa ndimayamba ndatsanzika, ndipo nsapato ndimalowa nazo.