Boti Langa Lomwe Munamanga pa Mlandu wa Mwano

Kwa Wolemekezeka Wapampando,
Komiti Yoteteza Ulemu ndi Mwambo M'mbali mwa Nyanja,
Nkhotakota.

Bwana wanga,

Ndagwada ndi mawondo onse awiri, chipewa chili m'manja. Ine ndine Kalilu Rashidi, msodzi wa pa doko la Bua, mwini wake wa boti lija alonda a komiti yanu analimanga masabata atatu apitawo. Ngati mwandiiwala sindidandaula. Munthu akayamba kuyenda pa galimoto, nkhope za oyenda pansi zimafanana.

Ndikukumbutseni pang'ono. Zaka khumi ndi zisanu zapitazo munafika kwathu mutavala patapata, ndevu zili nyankhalala, mutanyamula kabuku kanu kotchedwa "Dzukani Asodzi". Mpando munaukana, munati ndi chida cha mabwana, ndiye munkakhala pa ndowa. Munati tizikutchulani komuredi, ndipo zonse zikhale za onse. Mayi a kunyumba, a Sharifa, anakuphikirani nsomba za mpasa miyezi iwiri yathunthu, inu n'kumatiphunzitsa, pakamwa pali mafuta, kuti wodya thukuta la mnzake ndi mfiti. Tsiku lotsanzika munatenga penti wofiira n'kulemba m'mbali mwa boti langa ndi dzanja lanulanu: BWANA NAYENSO AKOKE KHOKA.

Lero, Alhamdulillah, munakula. Ku Benga tinakuonani muli pa mpando wa ndalema, wina atakugwirirani ambulera, mukuwerenga kabuku katsopano, "Khalani Pansi, Akulu Akuganiza". Munati wosauka adziwe malo ake, poti ndi mmene makolo anasiyira. Tinakhaladi pansi.

Tsono zothokoza zanga ndi izi.

1. Zikomo pomanga boti. Ine ndinkaliyesa matabwa wamba, osadziwa kuti zaka zonsezi lakhala likunyoza akuluakulu nyanja yonse, nsomba zikumva. Amuna khumi ndi awiri analivuula m'madzi n'kukalimangirira ku mtengo wa mango kuseri kwa ofesi yanu, kuopa kuti lingathawe.

2. Zikomo chifukwa cha kuzenga mlandu mwachilungamo. Boti linafunsidwa katatu ngati likuvomera kulakwa. Silinayankhe, ndipo mlembi analemba kuti lachita mwano kachiwiri. Nditapempha kuti ndingofufuta mawuwo, munati umenewo ndi umboni, wosaukhudza.

3. Apa ndiye ndinaomba m'manja mpaka zikhatho kuwawa. Munaimirira, n'kukonza tayi, n'kulengeza kuti wolemba mawu amenewa ndi munthu wosaleredwa, wobwera, wofuna kuyatsa moto pakati pa bwana ndi wantchito wake, ndipo asakidwe mpaka apezeke. Mwasaka ku Liwaladzi. Mwasaka ku Dwangwa. A Layson, mmisiri wolemba zikwangwani za magolosale, munawalembetsa chilembo cha K ka makumi asanu kuti mufananize dzanja, mpaka bambo wa eni ake analumbira kuti penti wofiira sadzamugwiranso. Ine ndinangoti duu, poti kabuku kanu katsopano kakuti wamng'ono sayankha asanafunsidwe, ndipo simunandifunse. Koma ngati komiti yatopa, ndingangonong'oneza kuti munthuyo sanathawe ayi. Anangonenepa.

4. Zikomo pondilola kudzaliona Lachisanu lililonse ndikachoka ku mzikiti, monga achitira ndi mkaidi aliyense.

Apa, Bwana, mtima ukundiwawa, ndipo sindibisa. Boti la matabwa silikhala padzuwa. Lachisanu lapitali ndinapeza mng'alu woti chala changa n'kulowa chonse. Ndinathamanga kukatunga madzi kuti ndilithire, mlonda wanu anati akaidi salandira zakumwa zochokera kunja. Wallahi, ndinalira pamaso pake, mwamuna wa imvi ine! Nsomba za mpasa zayamba kale kulowa mu mtsinje, anzanga akuponya maukonde, ine ndili pa mchenga kuwerenga mafunde. Boti limenelo limadyetsa nyumba yanga ndi nyumba zinayi za amuna amene ndimasodza nawo. Likang'ambika basi, lina sindingakhomenso pa msinkhu uno.

Kusintha maganizo si mlandu. Mphepo pa nyanja pano lero ndi mwera, mawa mpoto, ndipo tinazolowera. Koma sindinaonepo mphepo itatembenuka n'kumanga msodzi chifukwa cha kumene iyo inkalowera dzulo.

Pempho langa ndi laling'ono, ndipo ndikulipereka nditawerama. Masulani boti lisanafike Lachisanu likubwerali. Mawu akalewo mufufute nokha, poti ndinu mukudziwa pomwe munayambira. Mulembepo atsopano, aliwonse amene mukukhulupirira chaka chino, ine ndiyenda nawo pa nyanja mosanyinyirika. Chokhacho, Bwana, ulendo uno mulembe ndi choko. Ndibwera nacho ndekha. Maganizo anu amafufutika msanga kuposa penti, ndipo ine ndilibe boti lachiwiri loti mudzamange mukadzasinthanso.

Ine wanu wosayenera ngakhale kukupukutirani nsapato,

Kalilu Rashidi,
Doko la Bua.