Tsiku Limene Ndinasenza Fulati Pamutu

Amene akuti ndine wabodza aimirire pompano, ayang'ane khosi langali, anene ngati linafupika lokha. Ine Fulujensiyo Mwanapwa, mtengatenga wa ku Likhubula amene ndinkakweza alendo kuphiri pamodzi ndi zikwama zawo, ndinali wamtali ngati mzati wa magetsi uwo, ndipo chimene chinandifinya mpaka msinkhu mukuuonawu ndi nyumba. Inde, nyumba! Tasiyani bawoyo, mumve.

Nditapuma ntchito ya kuphiri, mkazi wanga Dolika anati watopa ndi denga la udzu, akufuna fulati ngati amayi a mu Limbe. Ndiye tsiku lina ndikudutsa kuseri kwa msika wa Chitakale uno ndinapeza munthu akukuwa, kanyundo kali m'manja: okushoni! Mwini mdadada wina wa mafulati anali atasamuka mwadzidzidzi, ndipo nyumbazo ankazigulitsa imodziimodzi. Makoma oyera mbee, zitseko zabuluu, koma kulowa mkati ankakaniza, ati penti sinaume. Panali mabwana a m'maesiteti a tiyi, panali amalonda a ku Muloza a mimba zawo, koma ine nditangokweza dzanja n'kutsokomola kamodzi, mphepo ya m'chifuwa changa inaulutsa zipewa zawo mpaka ku Thuchila, iwo n'kuthamangira zipewazo, nyundo n'kudzigwera yokha patebulo ndi mantha. Fulati yapakati, yanga! Mukumva?

Pulani sindinafunse. Chilolezo sindinafunse. Munthu akapambana safunsa mafunso.

Titalowa ndi Dolika tinapeza kuti chinali chigayo chakale chimene mwini wake anangochidula ndi mapulayiwudi n'kuchipaka penti. Zenera tinkalisirira panja lija linali lojambula, katani yakenso yojambula. Dolika anatsegula mpopi, munatuluka gaga, nkhuku za m'dera lonse n'kubwera kudzatilonjera. Makoma anali opyapyala moti a Jusa telala, amene anagula fulati yoyandikana nayo, akayetsemula kwawo, wopukuta mphuno ndinali ine, ndipo akamasoka thalauza singano inkaboola khoma n'kusokerera malaya anga ndili chivalire. Koma zimenezo n'zazing'ono. Nditadina swichi kuti tione ngati getsi likuyaka, pansi pa simenti panabangula injini ya chigayo chija, imene anaikwirira yamoyo, nyumba yonse n'kuyamba kunjenjemera, bedi kuvina tchopa, mipando kulondola pambuyo pake, ndipo apongozi anga, amene anabwera kudzaona nyumba ali ndi chimanga chokazinga m'thumba, anatuluka ndi ufa wosalala wokhawokha. Ndikulumbira pali manda a mayi anga ku Milanje!

Komatu tinkakondwa. Amayi a m'mudzi ankabwera ndi malichero a chimanga, kukhala pabalaza, macheza ali mkati, ufa ukudzigaya wokha pamiyendo pawo. Dolika anatchuka kuposa mkazi wa bwana aliyense.

M'mawa wina kunafika mayi wa ku ofesi yoona za mamangidwe, chipewa cholimba kumutu, chitini cha penti yofiira m'manja. Anajambula chimtanda pachitseko changa.

"Bambo, nyumbayi ilibe pulani, ilibe chilolezo chogonamo anthu, ndiponso theka lake lili mumsewu. Loweruka tikugumula."

"Koma mayi, ndinagula pa okushoni, dzuwa likuswa mtengo, anthu akuona!"

"Munagula makoma pamodzi ndi mlandu wake. Pamalo pano isapezeke."

Dolika anakhala pansi n'kuyamba kulira, ati manyazi otere sangawapirire, akubwerera kwa amayi ake, ine nditsale ndikwatire injiniyo. Apo ndinayamba kusaka nzeru, chifukwa nyumba ndi nyumba, koma Dolika ndi mmodzi. Ndiye ndinakumbukira mawu a mayi uja: pamalo pano. Za malo ena sananene.

Loweruka, chimakina chogumulira nyumba chikutulukira pomwetsera mafuta apo, ndinatenga tayala la thirakitala n'kuliyesa nkhata, ndinauza a Jusa kuti agwiritse makina awo osokera, ndinalowetsa zala kunsi kwa maziko, n'kuizula fulati yanga pakati pa zinzake ngati dzino logwedera, injini ikulendewera ndi mawaya ake ngati chinangwa chozula kumene, n'kuitula pamutu, Dolika ali mkati momwemo akusenda nyemba za kalongonda. Mukumva inu? Woyendetsa chimakina chija anazimitsa, anatsika, n'kuvula chipewa. Mayi wa penti yofiira anaomba m'manja, nati malamulo ake sanena kanthu za nyumba yoyenda.

Ndinalowa mumsewu, akabaza akundiperekeza ndi mabelu, maminibasi akundipatukira, makondakitala akukuwa kuti, "Adala, malo alipo m'menemo?" ana asukulu akuimba pambuyo, ndipo wapolisi wapamsewu anazungulira nyumba yonse kufuna nambala ya galimoto, ataisowa anangondimenyera sailuti. Ndinayesa kuitula m'munda wa tiyi, mlonda anakana. Ndinapita nayo kumalire a dziko ku Muloza, msilikali wa tsidya lija anafuna mapepala m'chiyankhulo chakwawo, ati, "Dokumento ya nyumba, patarawu?" ine n'kutembenuka nayo osapuma, chimvula n'kugwa, anthu onse kunyowa, ine ndekha wouma gwa, poti ndani wina anali kuyenda ndi denga lake?

Pa Likhubula Dolika anagogoda pasimenti, paliwombo panga penipeni, ati atsike akapatse moni achemwali ake. Ndinagwada, anatsika akuseka mpaka misozi, akuloza ine ndi kuuza aliyense, ngakhale osamufunsa, kuti, "Mwamuna wanga ameneyo! Wangawanga!" Anyamata inu, mawu amenewo anandilowa m'miyendo ngati moto, moti sindinathe kudikira: ndinaliyamba phiri chothamanga, kudutsa pamathithi, kudutsa m'mikungudza, anyani akudumphira padenga kuti akwere ulere, mitambo ikukodwa m'malata ngati thonje, mpaka pamwamba pamene penti yofiira singafike, n'kuitula pathanthwe kuti thii, phiri lonse n'kutitimira pang'ono. N'chifukwa chake atengatenga a masiku ano amafika msanga pamwamba, ndipo palibe ndi mmodzi yemwe anabwera kudzandithokoza.

Ilipo mpaka lero. Chiperoni chikayera, yang'anani chakumanzere kwa nsonga, muona kanthu koyera kakuthwanima. Ndipo mkokomo mumamva nthawi ya dzinja uja, inu mumati ndi mabingu? Ndi injini yanga imeneyo, mphezi ikakhudza mawaya imadzuka n'kuyamba kugaya matalala.

Iwe wa kapusi yofiira, ukuti chiyani? Ukufunsa kuti nanga bwanji ine ndi Dolika timakhala m'kanyumba ka kuseri kwa alamu anga? Funso lopanda ulemu, koma ndikuyankha. Poitula paja chimwemwe chinandichulukira, sindinayang'ane bwino, chitseko chinaloza kuphompho. Nyumba ndi yanga ndithu, palibe angaigumule. Amene ali ndi mapiko abwere, makiyi ndi awa, ndimuchititsa lendi.